Kuyeza utsi wa injini yopanda moto

Tsiku lina Amayi anandiimbira foni n'kundifunsa kuti, "Kodi iwe kunjako ukuphunzira chiyani kwenikweni? Anzanga akandifunsa kutchalitchi ndimasowa chowayankha." Ndinaganiza kaye, kenako ndinati, "Amayi, ndimayeza utsi." Sanadabwe ayi. Anati, "Ndiye ntchito yabwino imeneyo, mwanawe. Utsi sunama. Ine ndikaima pakhonde n'kuyang'ana khitchini ya mnzanga, ndimadziwa ngati wasonkhezera nkhuni zouma, zaziwisi, kapena akungovutika ndi zitsononkho."

Mawu amenewo ndayenda nawo nthawi yonse imene ndakhala m'labotale ya injini zamagetsi za zombo za m'mlengalenga. Amayi ananena zoona: zonse zochitika m'kati mwa injini zimaonekera mu utsi wake. Koma pali china chimene iwonso amachidziwa bwino, kungoti tsikulo sanachitchule. Nkhuni zomwezo, ukazisonkhera pabwalo utsi umakwera mowongoka. Ukazisonkhera m'khitchini yotseka umagunda denga n'kubwerera, kudzaza ponseponse mpaka maso kuyamba kulasa. Munthu amene wangouonera m'khitchinimo atha kulumbira kuti nkhunizo n'zoipa. Vuto la ntchito yathu lagona pomwepo.

Mawu oti utsi ndangobwereka, chifukwa injini zimenezi sizitentha kanthu. Achingerezi amati plume. Mtundu umene ndazolowera ndi wotchedwa Hall thruster, dzina lochokera kwa Edwin Hall amene mu 1879 anatulukira mmene maginito amakhotetsera magetsi oyenda. Kukula kwake ngati poto wophikira ndiwo. Kumaso kwake kuli kangalande kozungulira, kopangidwa ndi boron nitride, koyera ngati choko. Pansi pa kangalandeko pamatuluka mpweya wa xenon, pang'ono zedi, cha m'ma miligalamu 5 pa sekondi. Maginito amagwira maelekitironi pakamwa pa ngalandeyo kuti azingozungulira, ndipo atomu ya xenon ikamadutsa pamenepo imagundidwa n'kutaya elekitironi yake imodzi. Ikatero yasanduka ion, yakhala ndi chaji, ndipo magetsi a ma-volt 300 amaikankhira kunja paliwiro loyandikira makilomita 20 pa sekondi. Utsi wa roketi yoyaka moto, ngakhale yabwino chotani, umathera cha pa makilomita 4.5 pa sekondi.

Koma mphamvu yokankha ndiye ndi yochepa momvetsa chisoni. Injini yotchuka ya ku Russia yotchedwa SPT-100, yopangidwa ndi kampani ya Fakel ku Kaliningrad, imadya makilowati 1.35 n'kukankha ndi mamilinyutoni 83. Tengani mapepala awiri a A4 muwaike pachikhatho: kulemera mukumvako kukuposa pang'ono kukankha kwa injiniyo. Chinsinsi chake n'chakuti sipuma. Imayaka masabata, miyezi, mwina zaka, ndipo pang'onopang'ono ndi mtolo. Chombo cha ku Europe chotchedwa SMART-1 chinanyamuka mu September 2003 ndi makilogalamu 82 okha a xenon, n'kukafika kumwezi mu November 2004. Chombo cha NASA chotchedwa Dawn, chimene chinali ndi injini za mtundu wina zokhala ndi masefa achitsulo kumaso, chinatenga makilogalamu 425 n'kukazungulira Vesta, kenako Ceres, timaiko tating'ono ta pakati pa Mars ndi Jupiter. Si zatsopano izi. Injini ya Harold Kaufman inayaka mphindi 31 m'mlengalenga pachombo cha SERT-1 mu 1964, ndipo ya Alexei Morozov inakwera pa satelayiti ya Meteor kumapeto kwa 1971. Lero aliyense wolandira intaneti ya Starlink, imene inafika ku Malawi mu 2023, akudalira injini za Hall, pakuti ndi zimene zimakweza masatelayiti amenewo ndi kuwasunga panjira yawo. Zoyamba zinkagwiritsa ntchito mpweya wa krypton m'malo mwa xenon, zatsopano wa argon.

Nanga utsiwo timauyezeranji? Chifukwa sutuluka mowongoka ngati muvi. Umamwazika ngati madzi a pakhasu la mpopi wothirira mbewu, ndipo wa SPT-100 umatambasuka mpaka madigiri 45 mbali iliyonse. Ion iliyonse yopita chammbali ndi mafuta otayika, pakuti mbali ina ya mphamvu yake sikukankhira chombo kutsogolo. Choopsa kwambiri n'chakuti ma-ion amenewa amadya chilichonse chimene agunda. Amasadzula maatomu amodziamodzi pagalasi la masola, pa mlongoti wa wailesi, pansalu zotchinjiriza kutentha, ngati mmene madzi amvula amakokololera nthaka. Zosadzukazo zimakatera kwina, mwina padiso la kamera. Satelayiti imene yapangidwa kuti ikhale zaka 15 kumwamba singatumiziridwe mmisiri. Wopanga ayenera kudziwiratu kuti pakona yakutiyakuti ma-ion ofika ndi angati, ali ndi mphamvu yotani, asanasankhe poika injini ndi mmene aipendeketsere.

Kuti zimenezi tizidziwe, timamanga mlengalenga wathuwathu pansi pano. Ndi chithanki chachitsulo, chachikulu moti munthu amalowamo choimirira. Cha ku yunivesite ya Michigan, kumene Alec Gallimore anakhazikitsa labotale yake mu 1992, n'cha mamita 6 m'mimba ndi 9 m'litali. Cha ku NASA Glenn mumzinda wa Cleveland, chotchedwa VF-5, n'cha mamita 4.6 m'mimba ndi 18 m'litali. Chathu n'chocheperapo. Ukalowamo umamva fungo la chitsulo chozizira, ndipo mawu ako amabwerera. Khoma loyang'anizana ndi injini lakutidwa ndi matabwa a graphite, chifukwa graphite imapirira, imasadzuka pang'ono poyerekeza ndi chitsulo. Komabe imasadzuka ndithu, ndipo fumbi lake limamata paliponse. Ukakhudza khoma, chala chimatuluka chakuda bii, chimodzimodzi mwaye wa kudenga la khitchini ya agogo.

Tikamaliza kumanga zipangizo timatseka chitseko n'kuyatsa mapampu. Oyamba amakoka mpweya ngati pampu wamba. Otsiriza sakoka kanthu: ndi mbale zachitsulo zozizira kupyola madigiri 220 pansi pa ziro, ndipo atomu ya xenon ikazigunda imaundana pomwepo osachokanso. Mpweya wa pagombe la nyanja yamchere umayezedwa kuti 760 Torr. Ife timafuna kuti injini ikuyaka, m'chithanki mukhale cha pa 0.00001 Torr, ndipo kuchepera apo n'kwabwino koposa. Kudikira kwake ndi usiku wathunthu. Ukaiwala kulumikiza waya mmodzi m'katimo, uyenera kutenthetsanso zonse, kutsegula, kukonza, kuyambanso. Ntchito imeneyi inandiphunzitsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndiye pamabwera mphindi imene sinanditopetsepo. Timazimitsa magetsi m'chipindamo, ine n'kuika nkhope pakazenera kagalasi lochindikala. Choyamba pamaoneka kadontho kowala pambali pa injini, potulukira maelekitironi. Kenako mwadzidzidzi mkombero wonse uja waa! kuwala kobiriwira ngati thambo la m'mawa mu June, ndipo kutsogolo kwake kumatuluka mchira wosongoka umene umazimirira pang'onopang'ono mumdima. Phokoso palibe, chifukwa mulibe mpweya wolinyamula. Umangomva mapampu akugunda kumbuyo kwako ngati mtima. Maso amaona ngati kuwalako n'kokhazikika, koma oscilloscope, makina oonetsa kusinthasintha kwa magetsi, imaonetsa kuti injini ikupuma mofulumira, kakhumi kapena makumi awiri kuchulukitsa ndi chikwi pa sekondi iliyonse: xenon imadzaza m'ngalande, kudyedwa, kudzazanso.

Chipangizo choyamba chimene wophunzira aliyense amapatsidwa ndi Faraday probe. N'chosavuta kuchimvetsa, ndipo n'chifukwa chake chimapusitsa anthu. Ndi kachitsulo kozungulira ngati ndalama, nthawi zambiri ka molybdenum kapena kokutidwa ndi tungsten, kokhala ndi mkombero wina wachitsulo wokazinga. Timakapatsa magetsi a ma-volt pafupifupi 30 a mbali yothamangitsa maelekitironi, kuti ma-ion okha ndiwo azifikapo. Ion iliyonse yogunda imasiya chaji yake, ndipo mita imawerenga. Kachipangizoka kamamangidwa kunsonga kwa mkono wachitsulo umene umayenda theka la bwalo kutsogolo kwa injini, kawirikawiri pamtunda wa mita imodzi. Pakompyuta pamatuluka girafu yooneka ngati phiri: nsonga yaitali pakati, kutsetsereka mbali zonse, kenako mapiko awiri otambalala kumapeto. Ukaphatikiza zonse umapeza chiwerengero cha ma-ion onse otuluka ndi mmene amwazikira.

Ulendo wanga woyamba kuyeza ndekha, mapiko aja anatuluka onenepa zedi. Girafu inkanena kuti injini yathu ikutaya ma-ion ambirimbiri chammbali, ena mpaka kubwerera kumbuyo. Ndinasangalala, poganiza kuti ndapeza chilema chimene ena sanachione. Koma nditachita masamu, anakana. Masamu ake ndi a kusekondale: mamiligalamu 5 a xenon pa sekondi ali ndi maatomu okwanira kupereka ma-ampere pafupifupi 3.7 ngati iliyonse yataya elekitironi imodzi. Ukadziwa xenon imene waithira, ukudziwa malire a zimene zingatuluke. Ma-ion amene ndinawawerenga ine anaposa malirewo mosakayikitsa. Zinali ngati wadzala thumba limodzi la mbewu n'kupeza mapando ochuluka kuposa njere zake.

Ndinakaonetsa bambo wina wachikulire wosamalira mapampu, amene anayamba ntchito m'labotalemo ine ndisanabadwe. Girafuyo anangoiyang'ana kamodzi, n'kundifunsa kuti geji yoyezera mpweya ndaiika pati. Inali pakhoma, kufupi ndi mbale zozizira zija, kumene mpweya umakhala wochepetsetsa. Pafupi ndi injini panalibe. Titafufuza tinapezanso kuti mbale imodzi sinkazizira bwino usiku umenewo. Iwo anati, "Wayeza bwino, palibe chimene walakwitsa pa mita. Koma theka la zimene wayezazo ndi chithanki, si injini."

Chimene chinachitika ndi ichi, ndipo ndi mtima wa nkhani yonse. Xenon yotuluka mu injini ilibe kopita. Kumwamba ikanathawa osabweranso, koma m'chithanki imagunda khoma n'kumayendayenda mpaka mbale yozizira iigwire. Tsono ion yothamanga ikamadutsa pafupi ndi atomu ya xenon yongoyendayendayo, imatha kuilanda elekitironi. Yolandayo imapitirira ulendo wake paliwiro lomwelo, koma ilibenso chaji, moti mita siiona. Yolandidwayo ndiye yasanduka ion, yaulesi, yopanda liwiro, ndipo magetsi a mu utsimo amaikankhira kunja, chammbali ndi kumbuyo. Kumeneko n'kumene imakapezana ndi kachitsulo kanga. Kusinthana kotereku kumachitikanso kumwamba, chifukwa nthawi zonse pamakhala xenon ina imene yatuluka mu injini osagundidwa. Koma m'chithanki kumachuluka, ndipo mita sinena kuti ion iyi yabadwira mu injini, iyi yabadwira panjira.

Bambo aja anandiphunzitsa njira imene poyamba inandidabwitsa: kuipitsa dala. Umatsegula valavu n'kuthira xenon ina m'chithanki, n'kuyeza. Kuwonjezeranso, n'kuyeza. Ukatero kanayi kapena kasanu, umaona mmene mapiko aja akunenepera mpweya ukamachuluka, ndipo umajambula mzere wobwerera m'mbuyo mpaka pamene mpweya ukanakhala ziro. Pamenepo ndi pamene ukuyerekeza kuti ndi kumwamba. Umabwerezanso zonsezo pamitunda ingapo kuchokera pa injini. Ndinena poyera maganizo anga: njira imeneyi ndi yabwino, ndipo ndimaigwiritsa ntchito, koma ili ndi chikhulupiriro m'kati mwake. Tikukhulupirira kuti mzere umene wawongoka pamene tayeza upitirira kuwongoka kumene sitingafike. Ndikaona lipoti lokhala ndi girafu yokongola koma osanena kuti geji inali pati, mtima wanga sukhazikika nalo.

Ngakhale kachitsulo komweko kali ndi mabodza ake ang'onoang'ono. Ion ikagunda mwamphamvu imatha kutulutsa elekitironi m'chitsulomo, ndipo mita imawerenga elekitironi yochokayo ngati ion ina yofika. Ma-ion ena amagwera mumpata wa pakati pa kachitsulo ndi mkombero wake n'kugunda m'mbali, moti malo olandirira ndi okulirapo kuposa amene unayeza ndi rula. Zonsezi zili ndi masamu owongolera.

Faraday probe imangowerenga, sidziwa mphamvu ya zimene ikuwerengazo. Za mphamvu timafunsa chipangizo chotchedwa RPA, chimene ndi masefa angapo osanjikizana. Sefa imodzi timaipatsa magetsi okankha ma-ion kubwerera, n'kumakweza pang'onopang'ono. Pa ma-volt ochepa onse amadutsa. Tikamakweza, aulesi aja amayamba kutsalira, kenako apakati, mpaka otsiriza kugonja ndi amene analandira mphamvu yonse ya injini. Ngati injini ili pa 300, ambiri amapezeka ndi mphamvu yocheperapo ndi ma-volt makumi angapo, ndipo kusiyanako kumatiuza zimene zawonongeka m'kati. Chipangizo chimenechi ndicho chimasiyanitsa ma-ion oopsa ndi ofatsa kumapiko kuja.

Koma RPA nayo ili ndi khungu lake. Maatomu ena amataya maelekitironi awiri kapena atatu, ndipo iyo siwasiyanitsa ndi otaya imodzi. Apa pamalowa E×B probe, yochokera ku nzeru ya Wilhelm Wien ya m'ma 1898. M'kati mwake magetsi amakankhira ion mbali ina, maginito n'kuikankhira mbali inayo, ndipo ion ya liwiro limodzi lokha ndiyo imadutsa mowongoka mpaka kutsidya. Ndi lichero lenileni. Ion ya chaji ziwiri imathamanga liwiro la inzake kuchulukitsa ndi 1.4, choncho pagirafu imaima payokha. Izi n'zofunika chifukwa yotereyi imadya magetsi ambiri poyerekeza ndi kukankha kwake, ndipo imakokolola makoma a injini mwankhanza. Palinso kawaya ka Irving Langmuir, munthu amene mu 1928 anapatsa mpweya wa ma-ion ndi maelekitironi ngati utsi wathuwu dzina loti plasma, koyezera kutentha kwa maelekitironi.

Zipangizo zonsezi n'zolowetsa mu utsi, ndipo cholowa chimasokoneza. Pakamwa penipeni pa injini kachitsulo kangapse, kapena injiniyo ingasinthe khalidwe. Kumeneko timapita ndi kuwala kwa laser. Timaombera kuwala kwa ma-nanometre 834.7, kumene maso saona, ndipo ion ya xenon ikakumeza imalavula kuwala kobiriwira kwa 541.9. Ion yothamanga imameza kuwala kosiyanako pang'ono, monga mmene hutala ya minibasi imasinthira mawu ikamakudutsa, ndipo kusiyanako ndiko liwiro lake. Osaikhudza n'komwe. Pa zipangizo zonse ichi ndiye ndimachikonda, ngakhale kulunzanitsa magalasi ake kumadya masiku.

Komabe laser yabwino bwanji singachotse khoma. Xenon yoyendayenda ija ina imalowanso mu injini n'kukhala mafuta aulere, moti injini imaoneka yamphamvu kuposa mmene idzakhalire kumwamba. Akatswiri a NASA poyesa SPT-140, injini ya chombo cha Psyche, anapeza kuti akamachepetsa mpweya m'chithanki kukankha kwake kumatsikanso. Khoma lachitsulo limapatsa maelekitironi njira yachidule imene kumwamba kulibe. Mwaye wa graphite uja umakamata m'ngalande ya injini n'kuiteteza, choncho imaoneka ngati ikutha mochedwa. Ganizani za injini ya NSTAR imene ku JPL, labotale ya NASA, inayaka maola 30,352 pakati pa 1998 ndi 2003 pofuna kudziwa moyo wake. Maola onsewo inali m'chithanki.

Mboni zenizeni n'zochepa, ndipo n'zamtengo wapatali. Deep Space 1, imene inanyamuka pa 24 October 1998, inanyamula RPA, kawaya ka Langmuir ndi timasikelo tagalasi toyezera fumbi lotera pachombo. Masatelayiti a ku Russia a Express-A a m'chaka cha 2000 anali ndi zoyezera utsi wa SPT-100, ndipo zimene zinachokera kumeneko sizinagwirizane kwathunthu ndi za pansi, moti akatswiri a makompyuta analimbana nazo zaka zambiri. SMART-1 nayo inali ndi kabokosi koyezera kotchedwa EPDP. Apa ndiye pali dandaulo langa. Masatelayiti okhala ndi injini zamagetsi afika masauzande ambiri, koma onyamula choyezera utsi n'kugawira dziko zimene apeza ungawawerenge ndi zala. Ndikumvetsa kuti galamu iliyonse yokwera kumwamba ndi ndalama. Koma kachipangizo kamene kangakwane m'dzanja kangatiuze ngati mizere yathu yobwerera ku ziro ija ikulondola, ndipo zimandiwawa kuti tikupitiriza kulingalira chinthu chimene tingathe kungochiona.

Vutoli likukulirakulira chifukwa injini zikukula. Za makilowati 12 zapangidwa kale, ndipo X3 ya ku Michigan inafika makilowati 102 ndi manyutoni 5.4 m'chithanki cha VF-5 mu 2017. Injini ikakula, xenon yolavula imachuluka, ndipo khitchini ija imadzaza msanga kuposa mmene mapampu angachotsere. N'chifukwa chake mu 2021 NASA inakhazikitsa gulu la mayunivesite lotchedwa JANUS, motsogozedwa ndi Mitchell Walker wa ku Georgia Tech, kuti lifufuze funso limodzi lomweli: tingadziwe bwanji khalidwe la injini yaikulu kumwamba pamene tingathe kuiyesa pansi pokha?

Nditawafotokozera Amayi za khitchini yotseka ija, anandiyankha msanga kuti, "Nanga osangotsegula chitseko bwanji?" Ndinawauza kuti chathu tikatsegula mpweya wa panja umalowa, moto n'kuzima, ndipo pabwalo pathu pali makilomita mazana angapo pamwamba pa mitu yathu. Anati ndiye ndipeze munthu wopita komweko anditengereko chipangizocho.

Ndi zimene ndikuchita miyezi ino. Patebulo langa pali Faraday probe yaing'ono ngati kabokosi ka machesi, ndi kabolodi kake ka magetsi kamene ndikuyesetsa kuti kadye mphamvu yochepa. Sabata yatha inalowa m'chithanki koyamba, pambali pa yaikulu imene timaidalira, ndipo ma girafu awiriwo anagwirizana pansonga koma anasiyana pang'ono kumapiko. Ndikukayikira mpata wa mkombero uja. Mawa m'mawa mbale zikatenthera titsegula, ndipo ndilowa ndi choyezera kukauyezanso. Geji tsopano imakhala pafupi ndi injini, ndipo nambala yake ndimailemba pamwamba pa tsamba lililonse la kope langa ndisanalembe china chilichonse.